Tsoka Ili Limanunkha

Makolo adati tsoka silinunkha. Potero ankatanthauza kuti ngozi ikamabwera situmiza mthenga, ndipo munthu amangozindikira itamugwera kale. Mwambi umenewu ndi woona pa zinthu zambiri, koma pali tsoka limodzi limene limadzilengeza lokha kwa masiku ngakhale miyezi lisanagwe, ndilo moto wa petulo m'galimoto yakale. Tsoka limeneli limanunkha ndithu. Limanunkha m'maŵa potsekula chitseko, limanunkha pokhota msewu, limanunkhanso madzulo injini itazimitsidwa. Chomvetsa chisoni nchakuti eni magalimoto ambiri, ngakhalenso amisiri ena, adazoloŵera kuliyankha ndi mawu amodzi okha: "Galimoto yakale imanunkha choncho basi."

Ntchito yodzutsa magalimoto akale ndi yabwino ndipo iyenera kulimbikitsidwa. Munthu amapeza chigoba cha galimoto chimene chidagona pansi pa mtengo wa mango kwa zaka 20, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo, nachikokera kwa amisiri kuti achibwezere moyo. Mnyamata amene wangomaliza sukulu akagwira nawo ntchito yotere amaphunzira zambiri m'miyezi yochepa, pakuti m'galimoto yakale chilichonse chili poyera ndipo chimamasulika ndi sipanala. Koma ndalama zikayamba kutuluka m'thumba zimathamangira kumene maso amaona: utoto, mipando, magalasi ndi zitsulo zonyezimira. Paipi ya mphira, imene mtengo wake sufika ngakhale pa wa chitini chimodzi cha utoto, imasiyidwa momwemo chifukwa ili pobisika. Mapeto ake galimoto imatuluka m'galaja ili chikomekome cha mkuyu, ndipo ina imakanyamula akwati pa tsiku la ukwati petulo akudontha pafupi ndi mawaya a moto.

Kuti munthu amvetse kuopsa kwa fungo limeneli, ayenera kudziŵa kuti chimene chimayaka si madzi a petulo ayi, koma nthunzi yake. Petulo amatulutsa nthunzi yokwanira kuyaka ngakhale kutazizira kufika pa madigiri 40 kunsi kwa ziro, kutanthauza kuti palibe tsiku, ngakhale m'chisanu cha mwezi wa Juni ku Dedza, limene petulo angakhale phee osatulutsa nthunzi. Nthunziyo imagwira moto ikasakanikirana ndi mpweya pa mlingo wa pakati pa magawo 1.4 ndi 7.6 pa magawo 100 alionse. Aphunzitsi a sayansi angathe kupereka samu iyi kwa ophunzira awo: lita imodzi ya petulo ikauluka yonse imakwanira kusandutsa malita oposa 10,000 a mpweya kukhala chinthu chongodikira kamoto kamodzi. Umenewo ndi mpweya wodzaza kachipinda ka mlonda. Kuonjezera apo, nthunzi ya petulo imalemera katatu kapena kanayi kuposa mpweya, motero sikwera kudenga monga utsi. Imatsika, nkumakwaŵa pansi mpaka kukadikha m'dzenje limene amakaniko amaloŵamo pokonza kunsi kwa galimoto, kapena kukafika pa mbaula imene wina wasonkha pakhomo kuti aothe.

Mwayi wake ngwakuti mphuno ya munthu imamva petulo akadali wochepa kwambiri, kutali ndi mlingo woyaka uja. Komabe mphuno ndi mlonda wotopa msanga. Munthu akakhala m'fungo limodzi kwa mphindi zingapo amaleka kulimva, ngakhale fungolo lisadachepe mpang'ono pomwe. Nchifukwa chake mmisiri amene waswera m'galaja sali mboni yodalirika akamalumbira kuti palibe chikununkha. Mayi wa pakhomo akadandaula kuti malaya a bambo akununkha petulo pochokera ku ulendo, kapena mwana akamagwira mphuno pokwera, umboni wawo ndi wolemera kuposa wa mmisiri uja.

Chitsanzo chabwino pa nkhaniyi ndi Volkswagen Beetle, kagalimoto ka msana wokhota kamene dzina lake limatanthauza chikumbu. Kadakonzedwa ku Germany m'zaka za m'ma 1930 motsogozedwa ndi Ferdinand Porsche, ndipo pamene komaliza kadatuluka m'fakitale ya ku Puebla, m'dziko la Mexico, pa 30 Julayi 2003, magalimoto a mtunduwu anali atapangidwa oposa 21 miliyoni. Ku South Africa adawapanga ku Uitenhage, kumene tsopano kumatchedwa Kariega, kuyambira 1951 mpaka 1979, ndipo adayenda ndithu m'misewu ya Malaŵi, Zambia ndi Zimbabwe. Beetle ndi mphunzitsi wabwino chifukwa thanki yake, ya malita pafupifupi 40, ili kutsogolo pansi pa boneti pamene injini ili kumbuyo. Motero petulo amayenda utali wonse wa galimoto, kudutsa pakati pa mipando ya anthu, asanafike kumene akukagwira ntchito. Amene wadziŵa kulondola fungo mu Beetle sangavutike pa Peugeot 404, Morris Minor kapena Land Rover yakale, pakuti ziŵalo zoyendetsa petulo nzofanana, kungosiyana malo.

Ntchito imayamba ndi kulitchula dzina fungolo, pakuti si fungo lililonse limene limachokera pa bowo. Petulo watsopano ali ndi fungo lakuthwa, lolasa mphuno, ndipo limeneli ndilo la kudontha. Petulo amene wagona m'thanki zaka zambiri amanunkha ngati vanishi wakale, ndipo amasiya utomoni m'mapaipi. Pamenepo thanki iyenera kuchotsedwa ndi kutsukidwa, osati kungothiramo watsopano pamwamba pa wakale. Palinso fungo la utsi wa ku ekizozi, loŵaŵa m'maso, limene limasonyeza kuti injini ikumwa petulo wambiri kuposa mpweya, ndipo umboni wake ndi mapulagi akuda ndi mwaye. Pa utsi umenewu mwambi wa makolo uja umabwerera pamalo pake. Mu utsi wa injini muli mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo ngakhale mtundu. Beetle imatenthetsa m'kati mwake ndi mpweya wodutsa m'mabokosi okuta mapaipi a ekizozi, ndipo paipi ya m'bokosimo ikabooka ndi dzimbiri, ululu umenewu umaloŵa molunjika kumapazi a okwera. Woyendetsa akamamva mutu ndi tulo mazenera ali otseka, asanamizire kutopa.

Mmisiri wanzeru asanagwire sipanala amayamba wafunsa monga momwe sing'anga amafunsira wodwala. "Kodi bwana, fungoli mumalimva nthaŵi yanji?" Funso limeneli limapulumutsa masiku aŵiri a ntchito. Mwini galimoto akati limabwera akangodzaza thanki ndipo limatha petulo akafika pakati, ndiye kuti bowo lili kumtunda kwa thanki. Akati limakula pokhotera kumanzere, mmisiri akumbukire kuti pokhota motero petulo amakhuthukira kumanja, kumene kuli khosi lothirira. Fungo lopezeka m'maŵa injini ili yozizira, kaya thanki ndi yodzaza kaya ili pafupi kuuma, limaloza kunsi, kumene petulo amatsika yekha ndi kulemera kwake. Lomveka pokhapokha injini ikulira limaloza pakati pa pampu ndi kabuleta, ndipo limeneli ndilo losayenera kugona nalo ngakhale usiku umodzi.

Kutsogolo ndiko kumene mafungo ambiri a m'kati mwa Beetle amabadwira. Magalimoto akale kwambiri ankathiridwa petulo boneti itatsekulidwa, ndipo madontho ogwera pambali ankaloŵerera m'mkeka wa malo oikamo katundu. Kuyambira pa mtundu wa 1968 padaikidwa kachitseko kunja, mbali ya kumanja, ndipo khosi lothirira lidalumikizidwa ku thanki ndi chipaipi chonenepa cha mphira pamodzi ndi timapaipi tina topumira. Patapita zaka zoposa 50, mphira umenewu umakhala utauma gwa ndi kung'aluka ngati nthaka ya m'dambo mwezi wa Okutobala. Ming'alu yake kaŵirikaŵiri imakhala mbali yoyang'ana kukhoma, kosaoneka mpaka munthu atamasula chipaipicho nachipinda m'manja. Pamwamba pa thanki palinso kabowo koloŵera chida choyeza kuchuluka kwa petulo, kotsekedwa ndi gasiketi imene imaphwanyika ndi ukalamba. Chimodzimodzinso mphira wa pa chivindikiro chothirira. Chodetsa nkhaŵa nchakuti pakati pa malo a thanki ndi nkhope za okwera palibe khoma lenileni lotseka mpweya, koma chikatoni chophimba mawaya, ndipo nthaŵi zambiri chikatonicho chidatayika kalekale. Kuseri kwake kuli mafyuzi, misana ya maswichi ndi kamota koyendetsa zopukutira galasi, zonse zotha kuthetheka.

Pano nkofunika kuchenjeza za mankhwala ena amene amaposa matenda kuipa. Thanki iliyonse iyenera kupuma. Petulo akamachepa mpweya uyenera kuloŵa, ndipo dzuŵa likatentha nthunzi iyenera kupeza potulukira. Ku California lamulo lidayamba mu 1970, ndipo ku America konse mu 1971, lakuti nthunzi imeneyi izisungidwa m'chitini cha makala kenaka nkukapsa mu injini. Magalimoto opangidwa zaka zimenezi zisanafike, ndiponso ambiri ogulitsidwa m'maiko ena, amangopumira kunja kudzera m'kapaipi kakang'ono kotulukira kunsi kwa galimoto. Wina akaona kuti fungo likuchokera pa kapaipi kameneka amangokatseka ndi msomali, nadzitama kuti watha ntchito. Zotsatira zake galimoto imazima pa msewu chifukwa pampu ikulephera kukoka petulo m'thanki yosapuma, thanki ina imafika pobwafuka, ndipo pa dzuŵa lamphamvu nthunzi yosoŵa njira imakankha petulo kuti atulukire kwina koipa kwambiri. Choyenera ndi kuona kuti kapaipiko nkamoyo, sikadatsekeke ndi dothi la mavu, ndipo kakutulukira kunja osati m'malo a katundu.

Kunsi kwa thanki nkhani imasanduka ya dzimbiri, ndipo pamenepa mpamene mmisiri wa ku Malaŵi ayenera kudziŵa mbiri ya petulo wa kwawo. Dziko lino lidayamba kusakaniza ethanol m'petulo mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa idayamba kutcheza mafutawa kuchokera ku zotsalira za nzimbe popanga shuga. Fakitale ina, ya PressCane ku Chikwawa, idatsatira mu 2004, ndipo mlingo wa ethanol m'petulo wakhala ukusinthasintha pakati pa magawo 10 ndi 20 pa 100. Pamene dziko la Britain lidakhazikitsa petulo wa magawo 10 a ethanol mu Seputembala 2021, eni magalimoto akale a kumeneko adada nkhaŵa ndi chinthu chimene magalimoto a kuno anali atamwa kwa zaka pafupifupi 40. Ganizo losakaniza ethanol linali lanzeru, pakuti limachepetsa ndalama zakunja zogulira mafuta. Koma ethanol, amene ndi mbale wake wa kachasu, ali ndi khalidwe lokoka chinyezi mumpweya. Galimoto ikaima miyezi yambiri, monga zimachitira galimoto zimene zikukonzedwa, madzi ndi ethanol zimapatukana ndi petulo nkukakhala pansi pa thanki, ndipo pamenepo dzimbiri limaboola timaenje tonga ta singano. Timaenje totere sitidontha mooneka. Timangonyoŵetsa utoto, petulo nkuuluka asanafike pansi, kotero kuti mwini galimoto amaŵerama, naona simenti youma, nkumatsutsa mphuno yake yomwe.

Ethanol yemweyo sagwirizana ndi mphira wa kale. Mapaipi ndi timphira ta m'pampu za m'zaka za m'ma 1960 zidapangidwira petulo wopanda ethanol, ndipo zikakumana naye zina zimafeŵa ndi kutupa, zina zimauma ndi kusweka. Mlandu pamenepa si wa ethanol, koma wa munthu amene akuumirira kugwiritsa ntchito paipi ya m'badwo wina. Paipi yodziŵika ya Beetle ndi yokutidwa ndi ulusi woluka, yooneka bwino kwambiri, ndipo okonda zakale amaifuna kuti injini ioneke monga idatulukira m'fakitale. Tsoka lake ulusiwo umabisa ming'alu, ndipo petulo akatuluka umamuyamwa monga chingwe cha koloboyi. Palinso mapaipi ena amene alibe bowo konse koma nthunzi imadutsa m'khungu lawo. Munthu akawapukuta ndi nsalu youma, nsaluyo imanunkha. Mapaipi opangidwira petulo wa ethanol amakhala ndi zilembo zakuti SAE J30 R9 m'mbali mwake, ngakhale kuti wogula ayenera kusamala kumene akugula, popeza kudinda zilembo pa mphira wachabechabe si ntchito yovuta. Kukula kwakenso nkofunika. Beetle imafuna paipi ya bowo la mamilimita 5.5, ndipo ya mamilimita 6 kapena kuposerapo, imene imapezeka msanga m'sitolo, imaloŵa mosavuta ndipo imatulukanso mosavuta. Paipi imene idakhala pa shelefu zaka 30 ili m'pepala lake si yatsopano ayi. Mphira umakalamba ngakhale usanagwire ntchito.

Kuchokera pansi pa thanki, kapaipi kafupi ka mphira kamapereka petulo ku paipi yachitsulo imene imaloŵa m'msana wa galimoto, mphako yaitali yodutsa pakati pa mipando, nikatulukira kumbuyo pafupi ndi giyabokosi. Malo onseŵa ali m'munsi mwa thanki, motero pakang'ambika, petulo amatuluka yekha popanda pampu mpaka thanki kuuma. Paipi ya m'mphakomo ikachita dzimbiri palibe diso lingaione. Mmisiri amachotsa mpando wakumbuyo, natsekula kachivindikiro ka pamsanapo, nanunkhiza. Amanunkhizanso patsinde pa giya ndi pa handibuleki. Fungo likakhala lochokera mmenemo palibe chigamba chimene chingathandize, paipi yonse iyenera kuloŵedwa m'malo ndi ina.

Poloŵa m'chipinda cha injini paipi imadutsa pa bowo la lata, ndipo pa bowolo pamayenera kukhala kamphete ka mphira. Kampheteka ndi kochepa ngati batani la jekete, ndipo kakasoŵa palibe amene amakalira. Koma injini ikamanjenjemera, mphepete mwa latalo mumacheka paipi pang'onopang'ono monga mpeni wobuntha, mpaka tsiku lina petulo amatsanukira pafupi ndi mapaipi otentha a ekizozi. Kenaka pali pampu. M'kati mwake muli kachikopa ka mphira kamene kamakwera ndi kutsika, ndipo kakabooka petulo amatha kutsikira m'kati mwa injini osaonekera kunja. Chizindikiro chake nchodabwitsa: oyilo m'malo mochepa amachuluka. Mwini galimoto wosadziŵa amakondwera kuti injini yake sidya oyilo, chonsecho ikasololedwa ndodo yoyezera imanunkha petulo, ndipo oyiloyo ali ngati madzi. Injini ya Beetle ilibe madzi oiziziritsa. Imadalira mphepo ndi oyilo wokwana malita 2.5 okha. Oyilo wochepa chotero akasungunuka ndi petulo, injini imene yadya ndalama za chaka chonse imatha m'milungu yochepa.

Kabuleta ya Solex ili ndi kambale kosungiramo petulo, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito nkofanana ndi thanki ya chimbudzi cha madzi: kanthu koyandama kamakwera ndi petulo, nikakankha kasingano kotseka njira kambale kakadzaza. Kachitsotso kamodzi kochokera m'thanki ya dzimbiri kakakhala pa kasinganoko, petulo amasefukira. Amasefukiranso ngati pampu ikukankha mopitirira, pakuti kabuleta imeneyi imafuna mphamvu yochepa, ya pafupifupi 3 psi, ndipo amisiri amene amaika pampu yamagetsi yochotsa ku galimoto ina osayeza mphamvu yake amadzipalira okha fungo. Komabe chilungamo chifuna kuti eni magalimoto aja apatsidwe mbali yawo. Injini ikazimitsidwa chikupizo chake chimaima, kutentha kumakwera, ndipo popeza mbali yopepuka ya petulo imayamba kuŵira pa madigiri ochepera 40, kambale kaja kamatulutsa nthunzi kwa kanthaŵi. Kafungo kotere, komveka pafupi ndi injini kwa mphindi zoŵerengeka nkutha, ndi chibadwa cha galimoto ya kabuleta. Fungo lokhalitsa mpaka m'maŵa, loloŵa m'kati mwa galimoto, kapena lotsagana ndi chinyezi pa chitsulo, si ukalamba ayi, ndi bowo.

Malo amene apsereza ma Beetle ambiri ndi ang'ono kuposa chala cha mkombaphala. Petulo amaloŵa mu kabuleta kudzera pa kachubu ka mkuwa kamene sikadamangidwe ndi mazinga koma kadangokhomeredwa. Kutentha, kuzizira ndi kunjenjemera kwa zaka zambiri kumakagwedeza, ndipo anthu amaonjezera tsoka popachika sefa ya pulasitiki pakati pa pampu ndi kabuleta, kulemera kwake nkumakoka kachubuko pa bampu iliyonse. Tsiku limene kazuka, pampu imapitiriza ntchito yake mokhulupirika, kupopera petulo pa injini yotentha, pamene pafupi pomwepo pali distributor ndi jenereta zimene zimathetheka mwa chibadwa chawo. Woyendetsa ali kutsogolo, mphepo ikukankhira utsi kumbuyo, ndipo amauzidwa ndi anthu a m'mbali mwa msewu kuti galimoto yake ikuyaka. Amene adaphunzira sayansi ku sekondale akukumbukira kalamba ka magnesium kamene mphunzitsi adayatsa, kakuyaka ndi kuŵala koyera kothobwa m'maso. Thupi la injini ya Beetle lidapangidwa ndi chitsulo chosakaniza magnesium yemweyo, ndipo likagwira moto madzi amangoukolezera. Ngakhale pa moto wa petulo wokha madzi sathandiza, pakuti petulo amayandama pamwamba pake nafalikira. Chofunika ndi chozimitsira moto cha ufa chokhala pofikira dzanja la woyendetsa, kapena mchenga wouma, ndipo chivindikiro cha injini chitsekulidwe pang'ono pokha kuti moto usapatsidwe mpweya. Koma kupeŵa kwake nkosavuta: kachubuko kagwedezedwe ndi zala injini ili yozizira, kakasuntha kamangidwe kolimba kapena kaikidwe kena ka mazinga, ndipo sefa isamutsidwire kunja kwa chipinda cha injini.

Pofufuza zonsezi, kuona maso a nkhono nkudekha. Galimoto ikankhidwire panja pomwe pali mphepo, waya wa negetivu wa batire uchotsedwe, ndipo pokhala kuti batire la Beetle limakhala pansi pa mpando wakumbuyo, mmisiri aonetsetse kuti lili ndi chophimba, pakuti zitsulo za mpando zikakhudza mitu yake munthu wolemera atakhalapo zimayatsa moto. Kuunika kukhale kwa tochi. Machesi, kandulo ndi fodya zikhale kutali. Chida chimodzi chothandiza kwambiri chili m'kalasi iliyonse, ndicho choko. Malo onse olumikizira akapukutidwa mpaka kuuma, munthu amawathira fumbi la choko, nabwezera waya wa batire, naliza injini kwa mphindi zochepa, kenaka nkuyang'ana pamene fumbilo lada. Petulo amene diso silingamuone pa chitsulo chakuda amalemba dzina lake pa choko. Ntchitoyi iyende kuchokera ku thanki kupita ku kabuleta, chiŵalo ndi chiŵalo, ndipo bowo loyamba likapezeka mmisiri asalongedze zida, pakuti mphira wonse wa m'galimotomo udabadwa chaka chimodzi.

Thanki ikapezeka yobooka, ngozi imasamukira kwa wowotcherera. Anthu ambiri amaganiza kuti thanki yopanda kanthu ilibe choopsa, pamene imeneyo ndiyo yoopsa kuposa yodzaza. M'thanki yodzaza nthunzi imachuluka kupyola magawo 7.6 aja, mpweya nkuchepa. M'thanki yokhuthulidwa mpweya umaloŵa, nthunzi yotsalira m'makona ndi m'dzimbiri nkufika pa mlingo weniweni wophulika. Kuitsukuluza ndi madzi kamodzi kapena kuiyanika pa dzuŵa sikuchotsa nthunziyo. Mnyamata wophunzira ntchito asalole kutumidwa kuyandikiza moto pa thanki yotere, ndipo thanki yodyeka kwambiri ndi bwino kuitaya nkupeza ina. Poiyesa ngati ili ndi bowo, mabowo ake odziŵika amatsekedwa, nkupoperamo mpweya wochepa ndi pampu ya njinga, kunja kutapakidwa thovu la sopo. Makina opopera matayala angathe kuitupitsa ngati chibaluni. Chizoloŵezi chokoka petulo ndi pakamwa nachonso chileke, chifukwa kadontho kakaloŵa m'mapapo kamayambitsa chibayo choopsa, ndipo kusamba m'manja ndi petulo tsiku ndi tsiku kumaloŵetsa m'thupi benzene, amene amadziŵika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi.

Vuto lalikulu pa nkhani yonseyi lili pa malipiro ndi pa ulemu. Mwini galimoto amalipira mokondwa chinthu chimene angachigwire m'manja, koma akauzidwa kuti mmisiri watha tsiku lathunthu akununkhiza ndi kupaka choko, nasintha kamphete kamodzi ndi mikono iŵiri ya paipi, amaona ngati waberedwa. Malinga ngati eni magalimoto akana kulipira ntchito yofufuza, amisiri adzapitiriza kupopera mafuta onunkhira m'mipando ndi kupereka makiyi. Mbali inayo, wophunzira ntchito ndiye kaŵirikaŵiri amayamba kumva fungo, popeza ndiye amatsekula galaja m'maŵa mphuno ili yatsopano, koma amaopa kutsutsa mkulu wake. Kunena kuti, "Pepani bambo, kumbuyoku kukumvekabe petulo," si mwano, ndipo mmisiri amene amakalipira mwana pa mawu otere akudzithyolera yekha chida chake chabwino koposa. Masukulu a ntchito zamanja, monga a ku Lilongwe, Nasawa ndi Mzuzu, ali ndi chifukwa chomveka chophunzitsira injini zamakono zoyendera kompyuta, koma kabuleta ndi pampu ya kachikopa zisatayidwe m'maphunziro, popeza zikadalipo m'magalimoto akale, m'njinga zamoto ndi m'majenereta a petulo. Ogulitsa zipangizo nawonso ayenera kudziŵa kusiyanitsa paipi ya petulo ndi ya madzi kapena ya mpweya, m'malo modula pa mkukutu uliwonse umene uli pafupi.

Ntchito ikaoneka ngati yatha, patsala mayeso amodzi. Thanki idzazidwe mpaka pakhosi, galimoto iyendetsedwe mpaka injini itatentha bwino, ikhotetsedwe kumanja ndi kumanzere, kenaka iimikidwe pa malo opita mphepo, mazenera ake ali otseka, pansi pake patayalidwa makatoni oyera kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. M'maŵa mwake chitseko chitsekulidwe ndi munthu amene sadagwire nawo ntchitoyo, ndipo makatoniwo anyamulidwe limodzilimodzi nkununkhizidwa, chifukwa dontho la usiku limauma koma fungo lake limatsala m'pepala. Pakatha mlungu umodzi zomangira zonse za mapaipi zikungidwenso, pakuti mphira watsopano umaphwa pang'ono ukatenthedwa, ndipo mwezi ndi chaka chimene mapaipiwo aikidwa zilembedwe ndi utoto kunsi kwa chivindikiro cha injini, kuti amene adzatsekule pambuyo pa zaka zisanu adzadziŵe msinkhu wawo.